Ba Lampu, Nkhoswe ya Masamu

Pa maliro awo, abusa atawerenga dzina lakuti Gilisoni Mbewe, mayi wina amene anakhala pambali panga anandikodola n'kufunsa chapansipansi ngati sitinasochere pa maliro a eni. Ndinamuuza kuti akhale phee, bokosi ndi lomwelo. Sindimuimba mlandu. Anthu onse a m'komboni yathu ya Wusakile, kuyambira ogulitsa makala mpaka makondakitala a minibasi, ankawadziwa kuti ba Lampu, ndipo ine ndemwe, amene ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zinayi, dzina la Gilisoni ndinkangoliona pa makalata. Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda, ndiye ndati ndilembe zimene ndikukumbuka anthu asanawasandutse mngelo. Sanali mngelo ayi. Pa anthu onse ouma mutu amene ndinakanganapo nawo, mdala ameneyu anali patsogolo.

Dzina la Lampu, kutanthauza nyali, linachokera ku mgodi wa mkuwa. Atate awo anabwera kuchokera ku Dedza kudzagwira ukalaliki, ndipo iwo atakula analembedwa m'chipinda chosungiramo nyali za anthu olowa pansi. Zaka pafupifupi makumi atatu ntchito yawo inali kupereka nyali ndi kulandira nyali. Anabadwira konkuno ku Kitwe, anakalambira konkuno, koma Chibemba chawo chinali chomvetsa chisoni. Akapereka moni pa msika, azimayi ankawapempha kuti abwereze, osati chifukwa sanamve, koma kuti aseke kachiwiri. Iwo ankati lilime lawo linabatizidwa m'Chichewa ndipo mpingo wawo subatiza kawiri. Ine wa ku Katete ankandinena kuti Chinyanja changa chinada ndi utsi wa mgodi, ndipo poti ndine wa Katolika pamene iwo anali mkulu wa mpingo wa Chipresibateriya, ankanditcha "a Roma" ngakhale pamaso pa alendo.

Atapuma ntchito, iwo ndi anzawo ochepa anayambitsa kabungwe kothandiza anthu amene sukulu inawathera panjira: atsikana osiya chifukwa cha mimba, anyamata amene makolo awo anachotsedwa ntchito, ndi akuluakulu ofuna kubwereza mayeso a giredi 12. Anapeza nyumba yakale ya chipinda chimodzi chachikulu, imene kale inali sitolo. Pakhoma pali dzina lalitali la Chingerezi, koma palibe amalitchula, anthu amangoti "ku Lampu". Ine ndinalowamo nditapuma uphunzitsi, kuti ndiziphunzitsa Chingerezi ndi kulemba makalata opita ku bungwe lina la ku Ndola limene limatithandiza mabuku ndi choko.

Iwo sankaphunzitsa phunziro lililonse. Ankanena okha kuti sukulu yawo inangokwanira kuwerenga Baibulo ndi manambala a nyali. Ntchito yawo inali thabwa. Pafupi ndi chitseko anakhomerapo thabwa lalikulu la misomali makumi asanu ndi limodzi, molingana ndi malo a pa mabenchi. Munthu akalembetsa, ankamudulira kachitsulo kozungulira kuchokera ku chivindikiro cha chitini, n'kudindapo nambala ndi msomali, ndipo mwini wake ankakapachika yekha. Umu ndi mmene zinalili ku mgodi: wolowa pansi amasiya nambala yake pa thabwa n'kutenga nyali, ndipo nambala ikatsala pa thabwa nthawi yoweruka, aliyense amadziwa kuti mwini wake sanatuluke. Kwa ba Lampu, kulembetsa sukulu kunali kulowa pansi, kulemba mayeso kunali kutuluka. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti palibe wochotsa nambala ya mnzake.

Chifukwa chake anandiuza kamodzi kokha, tikusenda mtedza pakhonde. Tsiku lina ku mgodi anthu onse ataweruka, nambala imodzi inatsala. Kapitawo wina anati mwini wake ndi chidakwa chodziwika, ayenera kuti watulukira kwina ndi nyali yomwe, ichotsedwe anthu azipita. Ba Lampu anakana mpaka anthu anatsikanso, ndipo anakam'peza munthuyo kuseri kwa miyala yogumuka, mwendo utathyoka, nyali ili pafupi kuzima. "Chidakwa anali chidakwa ndithu, a Roma," anatero akupukusa mutu. "Koma tsiku limenelo anali pansi."

Tinkakangana pa zambiri. Msonkhano wa mwezi ndi mwezi ankaupereka m'manja mwa wophunzira, ndipo dala ankasankha wamanyazi kuposa onse kuti akhale pa mpando. Msonkhano wa ola limodzi unkatenga atatu, ine magazi akuwira, iwo ali phee kumbuyo akutafuna mtedza. Ankati utsogoleri uli ngati njinga, suphunziridwa poonerera wina akupalasa. Akapemphedwa kutsegula ndi pemphero, tinkayamba takhala pansi bwinobwino, chifukwa ankayambira kwa Abrahamu. Alendo akabwera ndi makamera, iwo ankatumiza ophunzira onse kukasamba m'maso ndi kudzola mafuta. Mlendo wina atapempha kuti ajambule ana "monga mmene amakhalira", ba Lampu anamuyankha mwaulemu kuti mmene amakhalira ndi momwemo, amasamba.

Koma mkangano waukulu unali wa nambala 38.

Mwini wake anali Esinati Tembo, amene tonse tinkamutcha bana Misozi, monga timatchulira makolo kuno potengera anzathu a Chibemba. Anali mayi wa zaka zopitirira makumi anayi, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi ankathandiza pa sukulu ina ya mkaka. Ana ankamukonda, makolo ankamukonda, koma analibe pepala. Eni sukuluyo anamuuza kuti chaka chikatha asanabweretse satifiketi, malo ake apatsa wina. Maphunziro ena onse anakhoza kale, anangotsala ndi masamu. Ankafika woyamba, ankakhala kutsogolo, ndipo mayeso anali atalembetsa kale. Kenako, teremu yachiwiri itangoyamba, anasiya kubwera. Anasiya ngakhale kope lake pa benchi.

Patapita milungu isanu ndi umodzi, mayeso atatsala miyezi itatu, a ku Ndola anafuna mndandanda wa amene akuphunziradi. Lamulo lawo linali lakuti wojomba miyezi iwiri achotsedwe, malo ake apite kwa wina, ndipo miyezi iwiriyo inali pafupi kukwana. Ndinapita pa thabwa ndili ndi pepala m'manja.

"Ba Lampu, iyi 38 tichotse chabe. Milungu sikisi manje sabwera, ndipo pa mzere pali anthu ambiri."

"A Roma, mwamuona atatuluka?"

"Kutuluka kuti? Ali kunyumba kwake. Dzulo n'namuona ku msika agula tomato, ananithawa."

"Ndiye kuti akadali pansi," anatero, n'kuima pakati pa ine ndi thabwa ngati ndabwera kudzaba.

Pa chinthu chimodzi chokha tinagwirizana, ndipo n'chimene tonse awiri tinalakwitsa. Tinati wam'letsa ndi mwamuna wake. Bashi Misozi anali chimunthu chachikulu choboola miyala pansi pa mgodi, wa mawu ngati galimoto ya mchenga, ndipo sitinaone chifukwa chofunsira kwina. Lamulungu masana ba Lampu anavala jekete, anatenga Baibulo, n'kunditenga ine ngati mboni. Titafika anatiyalira mipando pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo mdala uja anayamba. Analankhula pafupifupi ola lathunthu. Anam'kumbutsa munthuyo kuti wa mgodi weniweni satsekera mnzake pansi, anatsegula Baibulo, anabwereranso ku mgodi. Ine ndinkathira ndemanga pena ndi pena, mwina mopitirira muyeso. Bashi Misozi anangokhala, chipewa pa bondo, n'kumatithirira chakumwa cha munkoyo m'makapu.

"Mwatsiriza, ba Lampu?" anafunsa pomaliza. "Uyu mzimayi n'nam'lembetsa nine. Kalikuleta n'nagula nine. Tsiku lililonse nim'pempha kuti abwerere, mpaka tayambana. Imwe mukafunse ba ticha banu ba masamu kuti mkazi wao ni mwana wa ndani."

Ndinaika kapu pansi. Mphunzitsi wa masamu, mnyamata wa ku komboni ya Ndeke dzina lake Mulenga, ndinam'peza ndine. Anali atangomaliza maphunziro apamwamba, anadzipereka kuphunzitsa kwaulere, ndipo ndinkadzitama naye paliponse. Anayamba teremu yachiwiri yomweyo. Ndinkadziwa kuti wangokwatira kumene, koma sindinafunse kuti wakwatira kwa yani. Mkazi wake anali Misozi. Tsiku loyamba atalowa m'kalasi ndi choko m'manja, apongozi ake anam'ona, anagwetsa nkhope, n'kuzemba. Nayenso anawaona, koma manyazi anam'tseka pakamwa milungu yonseyi.

Mawu a bana Misozi anachokera kuseri kwa chitseko, kumene ankamvetsera zonse, ndipo analunjika kwa ine. "Mai Sakala, imwe munganyamule dzanja kwa apongozi banu kupempha kupita ku toileti? Anifunse seveni taimusi eyiti, niphonye, ana aseke, mailo abwere pano nim'phikire nkhuku monga munthu waulemu wake? Awe. Ntchito iende chabe." Ananena molimba, koma pa mawu omalizawo tonse tinamva kuti akulira.

Pobwerera ndinapsa mtima njira yonse, kwinaku manyazi akundidya. Ndinati miyambo imeneyi ndi yakumudzi, ife tili m'tauni, tikuphunzitsa utsogoleri, mayiyo angouzidwa kuti akhale pa benchi basi. Mphunzitsi wina wa masamu tinalibe, ndipo sitikanachotsa Mulenga n'kusiya anthu makumi asanu kudzanso asanu ndi anayi pa dzuwa chifukwa cha munthu mmodzi. Ba Lampu anandisiya ndilankhule mpaka pa siteji ya minibasi. Kenako anati ku mgodi sanaonepo opulumutsa anthu akuima pamwamba n'kumakuwa kuti wotsekeredwayo sanayenere kukhala kumeneko. Amakumba kulunjika kumene munthu ali, zomudzudzula zimabwera atatuluka.

Sabata imeneyo anayenda ngati wofunsira mbeta. Anapita kwa ankhoswe a kuchikazi, anakwera minibasi kupita ku Ndeke kwa a kuchimuna, kumene Chibemba chawo chija chinasangalatsa banja lonse. Akuluakulu anakambirana n'kugamula kuti kumva mawu a mpongozi si mlandu. Chosayenera n'kuyang'anana m'maso, kukhala chipinda chimodzi ngati anzake, ndi mkamwini kuuza apongozi ake pamaso kuti alakwa. Ba Lampu anabwera akumwetulira ngati wapeza mkuwa watsopano. Anati ngati ndi choncho, pangofunika nkhoswe.

Kalasi yathu ili ndi zenera limodzi lalikulu loyang'ana pakhonde. Kunja, pansi pa zeneralo, anaika katebulo ndi mpando, bana Misozi n'kukhala atatsamira khoma, akumva zonse koma osaona mphunzitsi. M'kati, pambali pa zenera, ba Lampu anakhala pa chidebe cha penti chovundikira, ali ndi kabolodi kakang'ono pa miyendo. Chilichonse chimene Mulenga walemba pa bolodi, iwo ankakopera mosamala ngati manambala a nyali, n'kutulutsa kabolodiko pa zenera. Kope linkalowa ndi kutuluka kudzera m'manja mwawo.

Tsiku loyamba ndinabwera kudzaonerera zikulephereka. Mulenga anaima atayang'ana bolodi, khosi lili gwa.

"Ba Lampu, mwina mungafunseko kunja uko ngati ekisi yapezeka."

Mdala anatulutsa mutu pa zenera. "Mayi, aphunzitsi akufunsa za ekisi."

"Bauzeni ni foo."

"Akuti folo."

Mulenga anapukuta thukuta, n'kuyamba ndi mawu aulemu a Chibemba. "Mukwai, foo ni nambala yabwino sana. Koma mwina kunja uko bangayang'aneko futi laini ya sekondi, ngati bali na nthawi."

Ba Lampu anatulutsanso mutu. "Mwaphonya, mayi. Bwerezani."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo chimene sindidzaiwala n'chakuti kunja kwa zenera nakonso kunamveka kuseka. Kuyambira pamenepo ntchito inagawika bwino. Mulenga ankapereka ulemu, ba Lampu ankapereka choonadi, ndipo palibe mwambo unathyoledwa, chifukwa nkhalamba ya zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri ikhoza kuuza aliyense kuti waphonya.

Miyezi itatu yonse ya chisanu anakhala pa chidebe chija masana aliwonse, atavala chikhoti cha ku mgodi, mawondo akuwawa, osajomba. Vuto linadza pamene masamuwo anayamba kuwalowa. Pokopera tsiku ndi tsiku anayamba kuona kumene ekisi amabisala, ndipo ankalephera kudzigwira. Mphunzitsi asanamalize funso, yankho linkachokera pa chidebe. Mulenga anachita kuwapempha mogwada kuti nkhoswe isamalembe mayeso a eni ake. Anakwiya tsiku lonse, ati wachinyamatayo akuchita nsanje.

Mkati mwa zimenezi kunabwera mlendo wa ku Ndola, mtsikana wa mtima wabwino, kudzaona mndandanda uja. Ataona mayi wakhala panja pamphepo, anzake ali m'kati, nkhope inasintha, n'kuyamba kulemba msangamsanga m'kabuku kake. Anandifunsa ngati timatulutsa azimayi akuluakulu m'kalasi. Ndipo ine, amene milungu ingapo m'mbuyomo ndinkafuna kuchotsa nambala ija, ndinapezeka ndikuteteza zenera ndi mawu okweza mpaka mtsikanayo anapepesa. Ba Lampu anandiyang'ana ali pa chidebe, akungotafuna mtedza wawo. Kuyang'ana kumeneko kunandiwawa kuposa mawu.

Tsiku lomaliza mayeso bana Misozi anabwera molunjika kuchokera kolembera, analowa m'kalasi mulibe munthu, n'kuchotsa 38 ndi dzanja lake. Zotsatira zitatuluka, sanakhoze mochititsa kaso, koma anakhoza mokwanira, ndipo satifiketi inafika kwa eni sukulu ya mkaka chaka chisanathe. Bashi Misozi anabwera ndi tambala wamoyo kudzathokoza, ndipo ba Lampu anapepesa chifukwa cha ulaliki uja, ngakhale anawonjezera kuti ulaliki wabwino suwonongeka, munthuyo ausunge udzagwira ntchito tsiku lina. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinauza mdalayo pamaso pa anthu kuti ndinalakwa. Anati aitane abusa adzalembe, chifukwa a Roma savomera kawirikawiri kunja kwa tchalitchi.

Nkhaniyo sinathere pamenepo. Bana Misozi anakhala mkulu wa sukulu ya mkaka ija, ndipo patapita zaka anthu anamusankha kukhala wapampando wa komiti yathu. Mulenga anapeza ntchito ku mgodi koma sanasiye kuphunzitsa masamu Loweruka. Ndiye kuti mpongozi anakhala bwana wa mkamwini wake. Kunyumba zinthu zinali zitafewa, adzukulu awiri atabadwa, koma pa nkhani za sukulu awiriwo sanasiye njira yawo. Wapampando akafuna kusintha nthawi ya phunziro, ankaima panja pa zenera, mphunzitsi ali m'kati, ba Lampu pa chidebe pakati pawo, akunyamula mawu kupita uku ndi uku, akuchotsako ulemu wochuluka ndi kuthirako mchere wawo. Ndikukhulupirira kuti onse atatu ankadziwa kuti sizikufunikanso, koma palibe ankafuna kulanda mdalayo ntchito.

Anadwala milungu iwiri yokha. Tsiku lomaliza kuwaona kuchipatala anandifunsa ngati thabwa lili bwino, kenako anadandaula kuti anamwino akuwalankhula Chibemba chothamanga dala.

Atamwalira ndinadzipereka kukhala nkhoswe m'malo mwawo. Ndinagwira tsiku limodzi. Onse awiri anandithokoza mwaulemu n'kunena kuti ndipume, ati ndimathira mchere wambiri.

Kalasi yathu ndi yothithikana masiku ano, ena amakhala atatu pa benchi ya awiri, koma pambali pa zenera palibe amaikapo mpando. Chidebe chija chikadali pomwepo. Wosesa amachinyamula, amasesa, n'kuchibwezera pa chizindikiro chozungulira chimene chinadindika pa simenti. Pa mphuthu ya zenera pali malo osalala, akuda, pamene ankatsamiritsa chigongono potulutsa mutu.

Loweruka lapitali ndinali pakhonde ndikukonza mabuku pamene wapampando anafika mofulumira, nkhani ya mayeso ili m'mutu. Ophunzira anali atatuluka, Mulenga yekha akufufuta bolodi. Mayiyo anaima pa malo ake akale, msana ku khoma.

"Ba Lampu, bauzeni ba ticha kuti sabata ya mawa..."

Anaima pomwepo, dzanja pakamwa. M'kati chofufutira chinasiya kuyenda. Ine ndinayang'ana m'mabuku anga ngati muli zofunika kwambiri. Kenako Mulenga, nkhope ikadali ku bolodi, anayankha motsitsa mawu, akumutchula kuti mayi m'Chibemba.

"Nikumva, mayo. Kambani chabe."

Anakambirana za sabata ya mawa mpaka anamaliza, wina panja, wina m'kati, ndipo aliyense akatha kulankhula ankadikira pang'ono, kusiya mpata wa munthu wa pa chidebe.